Njinga ya Ababa Yatsala ndi Mpando Umodzi

4 Febuluwale

Mzime,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amayi. Ine kuno ndilipo, kupatula msana, poti nsalu za pabedi za hotela ino sizitha. Ukasita mulu uwu, wina wafika kale.

Ndakhala ndikuimba foni yako osatopa, akungoti sikupezeka. Pakhomo ponsepo foni ndi yako yokhayo, ndiye waitani? Ndachita kulemba kalata ngati kale, ndapatsira adalaivala a lole ya simenti amene amadutsa kwathuko. Yankho uwapatse iwo omwewo akamabwerera.

Iwowa ndi amene andiuza zondiwawa mtima. Akuti mwezi wathawu anapeza amayi pamsewu wa kuchipatala atakhala pamwala, nsapato zili m'manja. Minibasi sinabwere, ndiye anauyamba wapansi dzuwa lili paliwombo, munthu wodwala shuga! Iwe unali kuti? Pofika anapeza pawindo la mankhwala atatseka kale. Matenda amenewa safuna kudumphitsa mwezi, ukudziwa bwino lomwe.

Tsono tamvera. Njinga yamoto ya ababa yangokhala m'chipinda cha katundu chimwalirireni iwo, nkhuku zikuikirapo mazira. Iwe umaswera kugalaja kwa amakaniko, ukuti ukuphunzira ntchito. Ionetse ntchitoyo. Ndaika kangachepe mu envelopu momwemu. Ukonze njingayo kuti tsiku la chipatala likafika uziwakweza amayi monga ankachitira ababa. Sindikufuna zokongola. Iziyenda, mabuleki azigwira, basi.

Ukukumbuka mmene ankakuwira ababa akafika potsetsereka pa mlatho paja? "Gwiritsani, mayi!" Mpaka ife kumva tili pakhomo, chonsecho amayi atagwira kale jekete yawo mabatani kuchita kuthothoka. Nawenso uzidzawauza choncho.

Ndine chemwali wako.

17 Febuluwale

Achemwali,

Kalata yafika, zam'katimo zafikanso, zikomo kwambiri. Amayi ali bwino, akusoka mayunifolomu a ana asukulu usana wonse. Za foni musadandaule, sinabedwe. Ndinaigulitsa. Musapse mtima, werengani kaye mpaka kumapeto.

Yalira, achemwali! Njinga ya ababa yalira! Ndinatsuka kabuleta, ndinasintha pulagi, m'thanki ndinakokolamo dzimbiri lodzadza kapu. Nditaponda kiki inayamba yatsokomola kaye, kenaka inabangula. Amayi anasiya makina, anatuluka n'kudzaima pakhomo. Galu wa aneba anathawa, mpaka pano sanabwere.

Tsono pali nkhani yabwino. Amakaniko ataiona anagwira pakamwa. Akuti njinga zakale ngati imeneyi, zachitsulo chenicheni, anthu akuzisaka kuti azisandutse kafe resa. Mwina simukudziwa. Kafe resa ndi njinga yopepuka, yochotsedwa zonse zosafunika, yowerama ngati ikuthamanga ngakhale itaima. Ena amatayirapo ndalama zomangira nyumba, koma ine ndapeza njira yotchipa. Mahandulo sindinagule atsopano, ndangotembenuza a ababa omwewa chadodolido kuti aloze pansi. Penti ya pathanki ndapala ndi sandipepa, chitsulo chikuwala ngati sefuliya yatsopano. Nyali ndatola kwa ogula zitsulo zakutha. Madigadi, zotchinga matope zija, ndafupikitsa. Kaliyala ndachotsa, ankalemera ngati chitseko. Ya foni ija inapita ku tcheni ndi ekizozi.

Kwatsala matayala ndi kukonza kumbuyo pang'ono. Mukanditumizira ya matayala yokha, mudzaona kuti m'banja mwathu muli mutu.

Mlongo wanu, Mzime.

2 Malichi

Mzime,

Moni ndikukupatsa chifukwa ndinaleredwa bwino, osati chifukwa ukumuyenera.

Ndinafunsa mlonda wa pageti pathu pano, amene amakonda zanjinga, kuti kafe resa n'chiyani. Anandionetsa zithunzi pafoni yake. Foni, Mzime, chinthu chija anthu anzeru sagulitsa. Ndinayang'ana chithunzi ichi, ndinayang'ana icho, zonse chimodzimodzi. Mpando ndi umodzi! Kampando kochepa ngati buledi, kumbuyo kwake kanundu, kupitirira apo ndi tayala ndi mphepo. Ndinamufunsa kuti nanga wokwezedwa amakhala pati? Anaseka mpaka kugwira geti. Akuti fulemu yakumbuyo amadula ndi gilayinda.

Ndiye "kukonza kumbuyo pang'ono" kwako kuja n'kumeneku?

Ine ndinakutuma kuti unyamule amayi. Sindinakutume kuti ukhale wampikisano. Ukapikisana ndi ndani pamsewu wathu uja, mbuzi? Mahandulo utembenuze mmene ungafunire, thanki uipale mpaka uzimetera ndevu pamenepo, sindikusamala. Koma kumbuyo USADULE. Ndabwereza ndi cholembera kuti uone bwino. USADULE. Wosamva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo nkhwangwayo ndidzabwera nayo ndine.

Ya matayala sindikutumiza mpaka undilembere kuti mipando ilipo iwiri.

Chemwali wako, amene watopa.

14 Malichi

Achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Ife tili bwino. Adalaivala anadutsa sabata yatha, ndinawafunsa ngati pali kalata, anafufuza m'matumba n'kunena kuti palibe. Ndamvetsa kuti ya matayala yavuta, sindikudandaula, ndapeza ogwirapo kale ntchito koma mano akadalipo. Ndipo poti simunakanize chilichonse, ndaona kuti mwagwirizana nazo, ndiye ndapitiriza.

Tadula Lachisanu. Ndikanakonda mukanaona! Wowotcherera wa kuseri kwa galaja ali ndi dzanja labwino, anadula mowongoka, kenaka anapinda kachitsulo n'kutseka kumbuyoko mozungulira bwinobwino. Tsopano njinga yapepuka moti ndikhoza kuinyamula kumbuyo ndi dzanja limodzi. Anyamata a pagalaja akumajambulitsa nayo.

Mpando sindinagule. Pansi ndaika thabwa la bedi lanu lakale lija, simukuligonera. Siponji ndadula ku matiresi. Chikopa ndi cha chikwama chija ababa ankapita nacho kuntchito. Asoka ndi amayi, ndipo asoka mwaluso, mizere yowongoka ngati ya m'sitolo. Anafunsa kuti bwanji kachepa chonchi, ndinati ndi mmene ikukhalira mipando masiku ano. Akuti ndiwapatse muyeso wa wachiwiri asanasinthe ulusi pamakina. Ndawauza kuti tiona.

Za chipatala musade nkhawa, ndiganizapo. Chinthu chilichonse chili ndi njira yake.

Mzime.

21 Malichi

Mwana wanga,

Ndikulemba ndekha, poti mlongo wako ndikamutuma kulemba amasankha mawu. Ndili bwino. Shuga ali pakatikati, koma mtima ndiye uli m'mwamba.

Dzulo anabwera adalaivala aja, chipewa chili m'manja, nkhope yamanyazi. Akuti kalata yako anaitsomeka kuseri kwa chotchingira dzuwa m'lole mwawo, aiona dzana itawagwera pamwendo. Mzime anaiwerenga ataimirira, kenaka anakhala pansi. Mwana wolongolola uja kugwira mutu! Ndinamulanda n'kuwerenga ndekha, ndipo mawu aakulu aja ndinawaona ngakhale magalasi ndinali ndisanavale.

Ndinavala nsapato n'kupita kugalajako. Ndinaipeza itaima pakati pa anyamata, ikuwala, itadulidwa mchira ngati galu. Kampando kamene ndinasoka ndi manja angawa kali pamenepo. Ndinafunsa kuti, "Nanga wanga uli kuti?" Amakaniko analowa pansi pa galimoto imene inalibe vuto.

Ndinaupeza pansi pa mtengo, anyamata atauika panjerwa, akuukhalira posewera makhadi. Mpando uja, mwana wanga. Zaka zonse za ukwati wanga ndakhala pamenepo. Ndinapita nawo kokabereka iwe, ndinapita nawo kokabereka wodula njingayu, ndinapita nawo kumaliro a mayi anga. Kumbuyo kwake kunachita kulowa potengera mmene ndimakhalira ine. Ndinawauza anyamatawo kuti adzuke, ndinausenza pamutu mpaka kunyumba, misozi ikutsika anthu akuona. Ndauika pansi pa makina osokera.

Chimene chikundipsetsa mtima kwambiri n'choti ine ndemwe ndinasoka. Ndinakhala pansi, ndinayeza, ndinasankha ulusi wolimba, kusokerera kuchotsedwa kwanga komwe, ndikuimba nyimbo!

Usiku sindinamupatse chakudya. M'mawa ndamupatsa, poti ndi mwana wanga, nditani naye.

Mayi ako.

30 Malichi

Mzime,

Moni palibe.

"Poti simunakanize." Kuyambira liti kukhala chete kwa munthu kunasanduka chilolezo? Ndikakhala chete chaka chonse udzagwetsa nyumba n'kumanga bwalo la mpira? Ukanakhala ndi foni ukanandifunsa, koma foni inasanduka ekizozi, ndiye uziimba ekizoziyo.

Bedi langa ndakhululuka. Chikwama cha ababa ndikuyesetsa. Koma amayi kusenza mpando pamutu pakati pa msewu, zimenezo sindingakhululuke. Ndawerenga kalata yawo ndili pantchito mpaka ndapsereza pilo wa alendo.

Tenga zitsulo zimene unadulazo, upite nazo kwa wowotcherera wako wa dzanja labwinoyo, azibwezere pamalo pake. Mpando wa amayi ubwerere. Tsiku la chipatala layandikira, ndipo ndikadzamvanso kuti amayi akhala pamwala, usadzanditchulenso kuti achemwali.

Adalaivala ndawauza kuti kalata iyi aiike m'thumba la malaya, pamtima, ndipo ndawalumbiritsa.

11 Epulo

Achemwali,

Ndikupereka moni ngakhale inu simunapereke. Nkhani si yabwino, ndingonena mosazungulira.

Zitsulo zija kulibe. China ndi chimene chinapindidwa kutsekera kumbuyo, zotsalazo wowotcherera anapangira chitseko cha khola la nkhumba la munthu wina. Ndinamupempha kuti alumikize mapaipi ena. Anakana. Akuti fulemu yodulidwa akhoza kuilumikiza kuti inyamule thumba la makala, koma osati mayi wa munthu, safuna maliro pamutu pake. Amakaniko akuti ndipeze fulemu ina yathunthu, koma mtengo wake ndikaulemba apa mupsereza pilo wina.

Tsiku la chipatala linali Lachiwiri. Kunagwa mvula, minibasi sinabwere. Ndinawauza amayi kuti akhoza kukhala pathanki kutsogolo kwanga, ndiziyendetsa pang'onopang'ono. Anandikwapula ndi tepi yoyezera. Ndiye tinauyamba wapansi, ine nditagwira ambulera. Titadutsa pa mlatho anayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu mvula ikugwa, akuti maso achita mdima. Ndinawapatsa switi, ndinawabereka kumsana mpaka pachipatala. Apepuka, achemwali. Sindinkadziwa kuti amayi apepuka chonchi. Anesi anandikalipira pamaso pa anthu onse, ndipo ananena zoona.

Njinga yowala ili kunyumba, ine ndikubereka amayi ngati mwana. Ndinadziona kupusa kwanga konse tsiku limenelo.

Ndaganiza zoigulitsa. Pali bambo wina wa sitolo ya matayala amene akuifuna, ndipo ndalama yake ikhoza kugula njinga wamba ya mipando iwiri, yosakongola koma yoyenda. Ndawauza amayi dzulo. Koma lero m'mawa kiyi sakuoneka pamsomali pamene ndimamupachika.

Mzime.

25 Epulo

Achemwali,

Thandizeni. Lembani msanga, inu mwina akumverani.

Kiyi ali ndi amayi. Amumanga pachingwe, ali m'khosi, amagona naye. Bambo wa matayala atabwera ndi ndalama anamuuza kuti, "Amuna anga sanasiye katundu wogulitsa, mwana wadula, ine ndasoka, ndiye mwini wake ndine." Bamboyo anamwa madzi n'kumapita.

Kenaka anandiitana. Akuti, "Mahandulo awa wawazondotsa ndiwe? Abwezere mmene analili, ine sindingayende nditawerama ngati ndikufuna singano pansi." Achemwali, kukongola konse kwa kafe resa kuli pa mahandulo! Ndinayesa kufotokoza, anangoloza sipanala. Ndawabwezera. Tsopano ikuoneka ngati mbuzi yodulidwa mchira koma nyanga zili m'mwamba. Aikanso kabasiketi kutsogolo, pamwamba pa nyali yanga.

Akuti ndiwaphunzitse kuyendetsa. Ndinakana. Anati, "Chabwino, ndiphunzira ndekha potsetsereka pa mlatho." Ndiye ndikanatani? Anapita okha kukatenga kapepala kophunzirira, ndipo madzulo aliwonse timapita kubwalo la sukulu. Vuto n'loti wophunzitsa amayenera kukhala kumbuyo, koma kumbuyo kulibe. Musanene, ndikudziwa. Ndiye ine ndimathamanga pambali, ndikukuwa kuti "Kilatchi, amayi! Kilatchi!" iwo n'kumawonjezera moto. Tsiku loyamba analowa mumpanda wa maluwa wa aphunzitsi aakulu. Lachiwiri anazungulira bwalo osadziwa poimira, ine pambuyo lilime lili panja, mpaka petulo anatha. Ana asukulu amabwera kudzaonerera, ena amandiwombera m'manja ine.

Anyamata a pagalaja akunditchula kuti wothamangitsa amake. Njinga yanga sindinaikwereko ngakhale kufika kumsika. Chonde aletseni.

Mzime.

4 Meyi

Amayi,

Ndikupereka moni mwaulemu wonse. Ndikhulupirira mukumwa mankhwala ndipo mukudya pa nthawi yake.

Mundikhululukire, koma zimene ndamvazi zandisowetsa tulo. Ine ndinatumiza kangachepe kuti vuto limodzi lithe, tsopano ndili ndi mavuto awiri, lina likuyendetsa, lina likuthamanga pambali. Amayi, pa msinkhu wanuwu? Shuga akakutsikirani muli pamsewu mudzatani? Mukagwa, adzakudzutsani ndani? Ababa tinawataya kale, sindikufuna kulandira uthenga wina kudzera kwa adalaivala a simenti.

Mulekeni Mzime agulitse, agule ya mipando iwiri, muzikhala kumbuyo mwaulemu monga kale. Walakwa, wavomera, musamulange ndi moyo wanu.

M'katoni imene ndapatsira adalaivala muli chisoti cholimba ndi magolovesi. Sikuti ndavomera ayi. Ndangodziwa kuti ndinabadwa kwa ndani.

Mwana wanu.

20 Meyi

Mwana wanga,

Moni. Katoni yafika, chisoti chandikwana, koma chimandiphwanyira tsitsi. Kalata yako ndawerenga kawiri. Uli ndi mantha, ndamva. Tsono nawe undimve.

Sindikulanga munthu. Mlongo wako anandibereka kumsana mvula ikugwa, ndipo ndinkamumva akulira ngakhale ankabisa. Ndinamukhululukira tisanafike pachipatala. Koma ndili pamsana pakepo ndinaganiza kuti, ine moyo wanga wonse ndi wonyamulidwa. Akapanda kubwera wa minibasi, ndakhala pamwala. Atapita abambo ako, ndinasowa pogwira. Mawa Mzime akakwatira n'kusamuka, ndidzadikiranso ndani? Ndipo njinga ya abambo ako ipite kwa wogulitsa matayala ine ndili moyo? Iyayi.

Anesi ndinawafunsa. Akuti ndizidya ndisananyamuke, maswiti azikhala m'thumba, ndikamva chizungulire ndiime. Woyesa za laisensi anandiyesa sabata yatha, anandizungulitsa mabotolo ake, sindinagwetse ngakhale limodzi. Munthu amene wapondaponda makina osokera moyo wake wonse sangalephere kugwirizanitsa phazi ndi dzanja.

Dzana linali tsiku la chipatala. Ndinapita ndekha. Ndinafika windo asanatsegule, ndinali woyamba pamzere, anesi mpaka anatuluka kudzaona chimene chikubangula panja.

Ukudziwa, mwana wanga, msewu umenewu ndaudutsa kuyambira ndili mtsikana, koma sindinkaudziwa. Ndinkangoona jekete ya abambo ako. Ndikhoza kukuuza pamene inang'ambika, pamene ndinaisoka, pamene inasuluka ndi dzuwa. Kuti kutsogolo kuli phiri looneka bwino chonchija, kuti msewu umakhota kawiri usanafike kuchigayo, ndaona dzana, ndili ndi imvi.

Za Mzime usadandaule, akudya bwino, ndipo miyendo yake yalimba. Ndimamubwereka njinga Loweruka akatsuka mbale, koma mahandulo asakhudze. Ukapeza kangachepe umugulire nsapato, zake zatha ndi kuthamanga kubwalo kuja. Foni adzagula yekha.

Chimodzi chokha ndikuuze, usamuuze mlongo wako. Pobwerera, nditafika potsetsereka pa mlatho paja, ndinangomva pakamwa panga pakuwa, "Gwiritsani!" Mokweza, mmene ankakuwira iwo. Kenaka ndinakumbuka kuti kumbuyo kulibe munthu, kulibe ngakhale pokhala munthu. Ndinaima kutsidya, ndinavula chisoti chako, ndinalira mpaka ndinakhuta. Nditatha ndinapukuta m'maso, ndinagwiritsa ndekha, n'kuponda kiki.

Mankhwala ndatenga a mwezi wonse.

Mayi ako.